Njere za M'chitini cha Amayi

Onse ankamutcha Kanyerere. Anali wamng'ono. Anali wochepa thupi. Koma sankayenda chimanjamanja. Lero wanyamula ndowa. Mawa wanyamula mpando. Nyerere imatero.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti kadimba ka amayi ake kabiriwirenso.

Kadimbako kanali kuseri kwa nyumba. Kanali kakang'ono. Ukaponda kasanu, wafika kukhoma. Kale munali anyezi. Munali kabichi. Munali phwetekere wofiira. Amayi ankathirira m'mawa. Ankathiriranso madzulo. Ankayimba pothirira.

Koma amayi anadwala chifuwa. Anapita kuchipatala. Sanabwereko. Zaka zitatu zinali zitapita.

Tsopano nthaka inali gwa! Munali udzu wouma. Munali ndowa yobooka. Munali nsapato imodzi yopanda inzake. Panalibe wothirira. Panalibe woyimba.

Kanyerere ankakhala ndi bambo ake. Ankakhalanso ndi azakhali, mlongo wa bambowo. Nyumba inali ya zipinda ziwiri. Sinali yawoyawo. Inali ya lendi.

Bambo anali osoka nsapato. Ankasokera pamphambano ya msewu. Kale ankaseka kwambiri. Akaseka, a nyumba yachitatu ankamva. Tsopano sankasekanso. Ankadya chete. Ankakhala chete. Kuseri kwa nyumba sankapondako.

Azakhali anali aukhondo. Ankasesa m'mawa. Ankasesa masana. Ankasesa madzulo. Ngakhale ntchentche inkayamba yapukuta mapazi isanalowe.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Loweruka lina kunabwera eni nyumba. Makiyi ankalira m'chiuno mwawo. Weyere! Weyere!

"Odi kuno!"

"Lowani, bwana," anatero bambo.

Eni nyumba sanalowe. Anazungulira kuseri. Anayang'ana kadimba. Anapukusa mutu.

"Malo awa akungogona," anatero. "Ndithirapo simenti. Ndimangapo kachipinda ka katundu."

Mtima wa Kanyerere unagunda. Gu! Gu! Gu!

"Bwana, ndi dimba la amayi anga," anatero ndi timawu tating'ono.

Eni nyumba anamuyang'ana. Sanali oipa mtima. Ankangokonda simenti basi.

"Dimba ndi mbewu, mwanawe," anatero. "Pano ndikuona udzu wokhawokha. Chabwino. Ndikupatsani masabata awiri. Ndikapeza mbewu itamera, ndisiya. Ndikapeza udzu, mmisiri ayamba ntchito."

Bambo, ali pazenera m'nyumba, anangoyang'ana pansi.

"Thirani, bwana," anatero. "Malo ndi anu."

Eni nyumba anapita. Makiyi analira mpaka kumsewu.

Kanyerere anagwira dzanja la bambo.

"Bambo, tibzale."

"Ayi, mwanangu."

"Tikagule mbewu kusitolo."

"Ayi. Dimba lija limadziwa mbewu za amayi ako zokha. Zina sindibzalamo."

"Nanga mbewu za amayi zili kuti?"

Maso a bambo ndiwo anayankha. Anayang'ana pamwamba pa kabati.

Kanyerere anakoka mpando. Anakwera. Anaimirira ndi zala za kuphazi. Anapapasa. Anakhudza chitini.

Chinali chitini chofiira cha mabisiketi. Chinali fumbi lokhalokha. Tsache la azakhali silinkafika pamenepo.

Anatsegula. Munali timapepala titatu topindapinda. Pa kapepala kalikonse panali mawu. Analemba ndi amayi. Zilembo zawo zinali zopendekera.

Kanyerere anawerenga pang'onopang'ono.

"Anyezi. Kabichi. Phwetekere."

Anagwedeza kapepala kamodzi. Njere zinalira m'kati. Tseketseke!

"Bambo, mvani! Zilimo!"

"Zilimo, inde," anatero bambo. "Koma zinafa. Zaka zitatu si masewera."

"Mwadziwa bwanji kuti zinafa?"

"Ndangodziwa."

"Nanga zikamera?"

Bambo anayang'ana chitini. Kenako anapumira m'mwamba.

"Zikamera, ndidzagwira khasu," anatero. "Koma sindithirira nthaka yopanda kanthu. Mtima wanga unatopa ndi kudikira."

Kanyerere anakumbatira chitini. Anali ndi chisoni. Analinso ndi funso. Kodi njere yamoyo imadziwika bwanji? Zonse zinali zouma. Zonse zinali duu.

Safunsa anadya phula. Lolemba, atachoka kusukulu, Kanyerere anapita kukafunsa.

Kumapeto kwa msewu kunali mayi ogulitsa masamba. Anali anzawo a amayi ake. Ankakhala pakampando kafupi. Ankawaza madzi pa masamba ndi zala.

"Mayi, ndili ndi funso."

"Funsa, Kanyerere."

"Njere zakale zimamera?"

"Zina zimamera. Zina sizimera."

"Ndidziwa bwanji?"

"Uzifunse," anatero mayiwo.

"Njere zimayankha?"

"Zimayankha ndithu. Tchera khutu. Werenga njere khumi. Tenga kansalu. Kanyowetse, kenako ukafinye. Kasadonthe madzi ayi. Yala njere pakansalupo. Pinda. Ika m'kathumba ka pulasitiki. Sunga pamalo ofunda."

"Kenako?"

"Kenako dikira. Yamoyo imatulutsa kamchira koyera. Umenewo ndi muzu."

"Zikamera zonse khumi?"

"Uvine."

"Zikamera zitatu zokha?"

"Ubzale zambiri pa phando limodzi. Zina zigona, zina zidzuka."

"Zikapanda kumera?"

Mayiwo anasiya kuwaza madzi.

"Ndiye kuti zatsanzika, mwanangu," anatero mofatsa. "Koma usafulumire kulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kanyerere anathamangira kunyumba. Anapempha kansanza kwa azakhali. Anakang'amba patatu. Ananyowetsa. Anafinya.

Anayamba ndi anyezi. Njere zake zinali zakuda.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu," anawerenga. Anawerenganso zina zisanu. Zinakwana khumi.

Anatenga kabichi. Njere zake zinali zobulungira. Zinkathawathawa patebulo. Anazigwira. Zinakwana khumi.

Anatenga phwetekere. Njere zake zinali zaphwatalala. Zinali ndi tiubweya. Nazonso zinakwana khumi.

Anapinda tinsalu titatu. Anaika m'timatumba titatu. Njere zotsala anabwezera m'chitini.

Tsopano aike pati? Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anasankha pazenera la kuseri.

"Khalani apa," anauza njere. "Muziona dimba lanu."

Maganizo anali abwino. Koma malo sanali abwino. Inali nyengo yozizira. Galasi la zeneralo linali long'aluka. Mphepo inkalowa pamng'alupo. Dzuwa silinkafikapo. Khoma la nyumba ina linkatchinga.

Lachiwiri Kanyerere anatsegula tinsalu. Anyezi, palibe. Kabichi, palibe. Phwetekere, palibe.

Lachitatu anatsegulanso. Anyezi, palibe. Kabichi, palibe. Phwetekere, palibe.

Lachinayi mtima unayamba kumuwawa.

"Mwina zili ndi ludzu," anaganiza.

Kabichi ndiye ankamukonda kwambiri. Anamuthirira madzi. Anawonjezera ena. Anawonjezeranso ena. Kansalu kanali chonchobe! Mawu a mayi a masamba anali atawaiwala. Chikondi chikachuluka chimamiza.

Lachisanu, palibe. Loweruka, palibe. Lamlungu, palibe.

Bambo ankadutsa pafupi ndi zenera. Sankayang'anako. Sankafunsa. M'nyumba munali zii.

Lolemba azakhali anaima pakati pa chipinda. Ananunkhiza uku. Ananunkhiza uko.

"Fungo ili likuchokera kuti?"

Mphuno inawatsogolera kuzenera. Anatsegula kathumba ka kabichi.

"Mayo ine! Zawola!"

Zinalidi zitawola. Njere zinali zitafewa. Zinkanunkha ngati ndowa yokolopera.

Anatsegula ka anyezi. Njere zinali zakuda monga kale. Anafinya imodzi. Inaphwanyika. M'kati munalibe kanthu.

"Azakhali, musataye!" anapempha Kanyerere.

"Iwe mwana, ukufuna utiitanire ntchentche? Izi zafa. Madzi akatayika saoleka."

Azakhali anatenga timatumba tiwiri ndi nsonga za zala. Anatuluka nato. Anapita kukataya.

Pazenera panatsala kathumba kamodzi. Kanali ka phwetekere. Njere zake sizinawole. Sizinamerenso. Zinangotupa pang'ono.

Kanyerere anakatsomphola. Abise pati? Pansi pa bedi azakhali amasesa. M'kabati azakhali amapukuta. Mapazi awo anali kumveka kale pakhonde.

Kuseri kwa chitseko kunali msomali. Pamsomalipo panali jekete la bambo. Anawagulira ndi amayi kalekale. Bambo sankalivalanso. Linkangolendewera.

Kanyerere anapisa dzanja m'thumba la m'kati. Anasiyamo kathumba kaja. Anakhala pampando ngati sanachite kanthu.

"Kachitatu kali kuti?" anafunsa azakhali.

Kanyerere anayang'ana zala zake. Azakhali anamuyang'ana. Anaona misozi ili lengelenge. Sanafunsenso. Anatenga tsache, n'kuyamba kusesa posesa kale.

Lachiwiri kunacha ndi chisanu choopsa. Kunja kunkawaza timvula. Kanyerere anadzuka. Anathamangira kuseri kwa chitseko.

Msomali unalipo. Jekete panalibe.

"Azakhali, jekete lili kuti?"

"Avala bambo ako. Juzi yawo ndinachapa dzulo. Sinaume."

Kanyerere anatenga mabuku ake. Kusukulu sanamve kanthu. Aphunzitsi ankalemba pabolodi. Iye ankangoona jekete.

Madzulo bambo anabwera. Anavula jekete. Analipachika pamsomali. Anapita kukasamba m'manja.

Kanyerere ananyang'ama. Anapisa m'thumba la m'kati. Munalibe kanthu. Anapisa la kumanja. Munalibe kanthu. Anapisa la kumanzere. Munali kamsomali ka nsapato basi.

Kathumba kanali katasowa.

Mwina kanagwa mumsewu. Mwina bambo anakataya. Kanyerere anafuna kufunsa. Anayang'ana nkhope ya bambo. Inali ndwii. Funso linabwerera kukhosi.

Lachitatu, atachoka kusukulu, anayamba kufunafuna. Anatsata njira ya bambo. Anayang'ana m'mbali mwa msewu. Anayang'ana m'ngalande. Anatosa zinyalala ndi kamtengo. Anapeza zitsekerero za mabotolo. Anapeza chipeso chothyoka. Kathumba sanakapeze.

Anafika kwa mayi a masamba. Anawafotokozera zonse.

"Unaika pati?" anafunsa mayiwo.

"Pazenera."

"Pazenera? Ndi chisanu chimenechi? Ha, mwanangu! Njere ya phwetekere ili ngati dzira. Imafuna kufunda."

"Ndiyambenso? M'chitini zilimo zina."

"Eni nyumba abwera liti?"

"Loweruka."

Mayiwo anawerenga ndi zala. Lachinayi. Lachisanu. Loweruka. Anapukusa mutu.

"Masiku atatu sakwana," anatero.

Anamupatsa nthochi imodzi. Kanyerere anathokoza. Koma sanadye. Anangoinyamula.

Anapitirira mpaka pamphambano. Bambo anali pamalo awo. Anakhala pa benchi pansi pa lata limodzi. Pambali panali mulu wa nsapato. Zina zinali zoyasama. Zina zinali zopanda zidendene. Panali ulusi wakuda. Panali kabotolo ka guluu. Panali zidutswa za tayala.

Bambo ankabaya ndi singano yaikulu. Ankakoka ulusi. Ankabaya. Ankakoka. Kenako anaima. Anaika dzanja pachifuwa. Analisiya pomwepo kanthawi. Anayambanso kusoka.

Kanyerere anaona. Anayandikira.

"Bambo, mukudwala?"

Bambo anadzidzimuka. Anachotsa dzanja msanga.

"Ayi, mwanangu. Pita kunyumba. Kukuzizira."

Kanyerere anapita. Anacheuka kamodzi. Dzanja linali litabwerera pachifuwa.

Lachinayi madzulo anakhala patebulo onse atatu. Azakhali anayang'anitsitsa bambo.

"Achimwene, malaya anu anyowa pachifuwa."

"Ndi thukuta, achemwali."

"Thukuta? Ndi chisanu chimenechi?"

Bambo anamanga mabatani a jekete.

Atatha kudya, Kanyerere anafuna kuwakumbatira. Anatambasula manja. Bambo anamugwira paphewa.

"Pang'onopang'ono," anatero. "Usandipanikize apa."

Kanyerere anabwerera m'mbuyo. Anakumbuka amayi. Nawonso ankagwira pachifuwa. Nawonso ankati si kanthu. Anachita mantha kwambiri.

Lachisanu linali tsiku lalitali. Kunja kunali mitambo. Galimoto inabwera. Inatsitsa mchenga pakhomo. Inatsitsa matumba anayi a simenti.

Kanyerere anapita kuseri. Anakhala pa ndowa yobooka ija. Anaika chitini pamiyendo.

"Amayi, ndalephera," anatero motsitsa mawu. "Anyezi anafa. Kabichi ndinamumiza. Phwetekere ndinamutaya."

Analira. Analira mpaka mphuno inatsekeka. Azakhali anamuona pazenera. Anatuluka. Anamufunditsa nsalu. Anakhala naye pansi, pafumbi penipeni. Tsiku limenelo sanasese madzulo.

Loweruka linafika.

Wilibala inamveka kumsewu. Kwii! Kwii! Kwii! Anali mmisiri. Pambuyo pake panamveka makiyi. Weyere! Weyere!

Eni nyumba anayang'ana kadimba. Udzu unali womwewo. Nsapato inali yomweyo.

"Mwanawe, pali chamera?" anafunsa.

Kanyerere anapukusa mutu.

"Pepa," anatero eni nyumba. "Ndinadikira. Amisiri, yambani."

Mmisiri anatenga fosholo. Anatola nsapato ija. Anaiponya mu wilibala. Anayang'ana Kanyerere.

"Ndipatseko ndowayo, mwana," anatero.

Kanyerere anaimirira.

"Taimani kaye."

Onse anatembenuka. Anali bambo. Anaima pakona ya nyumba. Zaka zitatu sanapondepo pamenepo. Lero sanapite kuntchito.

Anayenda pang'onopang'ono. Dzanja linali pachifuwa. Analowa m'kadimba. Anagwada pamaso pa Kanyerere.

Anamasula batani la jekete. Anamasula lachiwiri. Anapisa dzanja m'thumba la malaya, pamtima penipeni. Anatulutsa kathumba ka pulasitiki.

Kanyerere anatong'ola maso.

"Kathumba kanga!"

"Tsegula," anatero bambo.

Kanali kofunda ngati buledi wongophula kumene. Kanyerere anakatsegula. Anatulutsa kansalu. Anafunyulula mbali imodzi. Anafunyulula mbali ina.

Njere yoyamba inali duu. Yachiwiri inali duu. Koma yachitatu! Yachitatu inali ndi kamchira koyera.

"Imodzi!" anakuwa Kanyerere.

Anayang'ananso.

"Ziwiri! Zitatu! Zinayi! Bambo, zinayi!"

Njere zinayi zinali zitamera. Timizu take tinali tating'ono ngati nsonga ya ulusi. Koma tinalipo. Tinali tamoyo.

Azakhali anagwira pakamwa.

"Achimwene! Ndiye thukuta lija?"

"Ndinkadonthezera madzi pakansalu," anatero bambo. "Madontho atatu m'mawa. Madontho atatu madzulo. Ena ankagwera pamalaya."

"Ndiye simukudwala?" anafunsa Kanyerere.

"Sindikudwala, mwanangu. Ndinkafungatira."

"Munakapeza liti?"

"Lachiwiri, ndili pantchito. Ndinapisa m'thumba. Ndinakhudza kanthu kozizira. Ndinadziwa pompo."

"Munadziwa bwanji?"

Bambo anayang'ana kansalu. Maso awo ananyowa.

"Amayi ako ankachita zomwezi," anatero. "Chaka chilichonse, chisanu chikafika. Ankawerenga njere khumi. Ankapinda m'kansalu. Ankandiikira m'thumba la jekete lomweli. Ankati m'nyumba muno mumazizira, koma chifuwa changa ndi chofunda."

"Ine sindinkadziwa," anatero Kanyerere. "Ndinkangobisa."

"Ndikudziwa. Koma dzanja lako linapeza thumba lomwelo."

"Bwanji simunandiuze? Ndinafunafuna mpaka m'ngalande."

"Ndinkaopa, mwanangu. Ndinkati mwina sizimera. Sindinafune kuti ulire kawiri. Dzulo ndinaona ngati kamchira kamodzi. Sindinakhulupirire maso anga. Lero m'mawa ndapeza tinayi. Ndikhululukire."

Kanyerere anawakumbatira. Ulendo uno bambo sanakane. Anamufinya mpaka anatsokomola.

"Ukudziwa dzina limene amayi ako ankanditcha?" anafunsa bambo.

"Ayi."

"Ankati ndine thadzi lawo."

"Thadzi? Nkhuku yaikazi?"

"Eya. Thadzi la ndevu."

Kanyerere anayang'ana ndevu za bambo. Anayang'ana kansalu. Anaphulika ndi kuseka. Azakhali anaseka. Mmisiri anatsamira fosholo, nayenso n'kuseka.

Kenako bambo anaseka. Poyamba kunali kuseka kwa dzimbiri. Kunkatuluka movutikira. Kenako kunatseguka. A nyumba yachitatu anasuzumira pazenera.

Eni nyumba anawerama. Anavala magalasi. Anayang'anitsitsa kansalu.

"Tinthu timeneti ndiye mbewu?" anafunsa.

"Munati mukapeza mbewu itamera, musiya," anatero Kanyerere. "Iyi yamera, bwana."

Eni nyumba anakanda mutu. Anayang'ana matumba a simenti. Anayang'ana bambo, amene anali atagwada pafumbi.

"Ndinaterodi," anavomera. "Pakamwa panga pandigwira. Amisiri, tiyeni tikakonze khonde la kutsogolo. Nalonso ndi long'ambika."

Mmisiri anatembenuza wilibala.

"Koma phwetekere woyamba ndi wanga," anatero eni nyumba.

"Wachiwiri, bwana," anatero Kanyerere. "Woyamba ndi wa thadzi."

Eni nyumba anaseka mpaka makiyi analira.

Azakhali analowa m'nyumba. Anagwada pafupi ndi bedi. Anatulutsa khasu la amayi. Linali loyera bwino. Zaka zonsezi ankalipukuta.

Bambo analandira khasu ndi manja awiri. Analiyang'ana. Analikweza. Khu! Nthaka inang'ambika. Khu! Khu! Fungo la dothi linakwera.

Kanyerere anazula udzu. Anatunga madzi. Ananyamula ndowa yodzaza yekha. Nyerere imatero.

Anasankha malo a pafupi ndi khoma, pomwe dzuwa limafika masana. Kanyerere anaboola timaenje tinayi ndi chala. Anaika njere zinayi, timichira pansi. Anakwirira ndi dothi lofewa.

"Madzi pang'ono," anatero bambo.

"Ndikudziwa, bambo," anatero Kanyerere. "Kabichi anandiphunzitsa."

Anatsegulanso chitini. Khumi zinapereka zinayi. Choncho njere za phwetekere zotsalazo anafesa zambirimbiri pamzere umodzi. Zina zigona. Zina zidzuka.

Pakansalu panatsala njere zisanu ndi imodzi. Zinali zikadali duu.

"Izi zafa?" anafunsa Kanyerere. "Titaye?"

Bambo anatenga kansalu. Anaviika chala mu ndowa. Anadontheza katatu. Anapinda bwinobwino. Anabwezera m'thumba la malaya. Anamanga mabatani onse.

"Izi zikadali m'tulo," anatero. "Thadzi silithawa mazira."

Kanyerere anaika khutu pachifuwa cha bambo. Panali pofunda.